Mndandanda wa migodi yosiyidwa: mapointi akungobwerezana, thandizeni

Mapu36S:
Anzanga, mutu waima. Tapatsidwa ntchito yolemba mndandanda wa migodi yosiyidwa ndi milu ya zotsalira zake, tayambira kumpoto, Karonga, Rumphi ndi Mzimba. Abwana akufuna shapefile (fayilo ya mapu ya pakompyuta) imodzi pofika Lachisanu. Ndili ndi malaisensi a pa cadastre (kaundula wa boma wa malaisensi a migodi), malipoti akale a ku Geological Survey ku Zomba amene tinachita sikani, ndi mapointi a GPS amene anyamata anatola ku field. Ndikaziponya zonse mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, mgodi umodzi ukutuluka katatu, pena mumtsinje, pena pamwamba pa phiri, pena m'munda wa munthu. Ku Mzimba ndiye osakamba, maenje a aquamarine ndi mica ali mbwee, kaya dzenje lililonse likhale mgodi pawokha kaya ndiwawerenge pamodzi. Ndiye pali column ya status. Malo amene laisensi ikadalipo koma palibe akukumba ndilembepo chiyani? Amene munadutsamo kale chonde.

SaveyaWakale:
Vuto ndi datum, mwana wanga, maziko amene makodineti amayezedwerapo. Mapu akale a 1:50,000 anapangidwa pa datum ya Arc 1950, pamene GPS yanu ikuwerenga WGS84. Mukaziphatikiza osasintha, pointi imasuntha mamita pafupifupi 300, makamaka ku northing, muyeso wopita kumpoto. Layer yakaleyo muiuze kaye kuti ndi EPSG 20936, khodi ya Arc 1950 ya kuno, kenako muitulutse ngati 32736, ya WGS84. Zikhala bwino.

Mapu36S:
Ndinachita kale zimenezo madala. Ena alowa m'malo mwake, koma ena akusiyanabe ndi kilomita yathunthu, mwinanso kuposa.

Nachisale:
Achimwene, kilomita si datum imeneyo. Malipoti a nthawi ya atsamunda ambiri sapereka makodineti, amangoti mamailosi awiri kumpoto chakum'mawa kwa mudzi wakuti. Amene anaika pointi pamapu anangoyerekeza, ndipo mudziwo mwina unasamuka kalekale nkupita ndi dzina lake. Za cadastre nazo ndi malire a laisensi, osati mgodi. Mukatenga centroid (pointi yapakati) ya laisensi yaikulu mukaima pathengo popanda kanthu. Musawaphatikize mapointiwo. Aliyense akhale ndi column yonena komwe wachokera ndi ina yonena kuti mukumukhulupirira motani. Malo amodzi apatseni nambala imodzi, ndipo dzenje, mulu, damu ndi shaft (dzenje lotsikira mu mgodi) zikhale pansi pa nambalayo. Za ku Mzimba zitha choncho.

Koma chimene chingakupwetekeni ndi mawu oti "wosiyidwa". Kayelekera anayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, mu 2014 anaimitsa chifukwa mtengo unatsika, nkuuika pa care and maintenance, kungousamalira osakumba. Eni ake a kampani ya Paladin anaugulitsa kwa Lotus Resources mu 2020, ndipo mu 2025 unayambiranso. Munthu akanaulemba kuti wosiyidwa mu 2018 bwenzi akuyankha makalata a maloya. Ku Mwabulambo ku Karonga nkhani ndi ina, mgodi wa malasha unaima mu 2015 ndipo lipoti la Human Rights Watch la 2016 linanena za maenje amene anasiyidwa osakwirira. Awiriwa sangakhale mu bokosi limodzi. Ine ndimagawa: ukugwira ntchito, waima koma mwini alipo, watsekedwa nkukonzedwa, wasiyidwa mwini akudziwika, wasiyidwa mwini sakudziwika. Ndipo musanasindikize, a ku Department of Mines ndi a MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, aone kaye.

WaMalasha:
Ine changa nchimodzi. Anyamata anu mukawatumizanso auzeni asalowe mu adit, ngalande yolowera mu mgodi cham'mbali mwa phiri, ngakhale khomo likuoneka loyera bwanji. Tinali ku mgodi wina wakale wa malasha cha ku Rumphi, mnzathu akuti ndingolowa pang'ono ndijambule matabwa ochirikiza denga. Sanapite patali, tinangoona wakhala pansi ngati watopa. Tinamukoka ndi lamba wa chikwama. Mpweya wa m'menemo sununkha, umangokugonetsa. Kuyambira pamenepo pointi timatolera pakhomo basi. Nyengo ya udzu musapite nkomwe, shaft imabisala, dikirani moto upite cha mu Seputembala kuti muziona poponda. Milu ya malasha nayo ina imanyeka mkati mwakachetechete, pamwamba pali bwinobwino, kuponda phazi nkulowa. Mukaona madzi ofiira ngati dzimbiri akutuluka pansi pa mulu yezani pH (kuchuluka kwa asidi) pomwepo, musadikire botolo lifike ku labu.

SaveyaWakale:
Mwati munasintha, koma munasintha bwanji? Ambiri amangodina Set CRS, imene imangopatsa layer dzina la datum, pa layer yolakwika nkumati atembenuza. Komanso Arc 1950 ili ndi ma parameter osiyana, a Malawi si a Zambia kapena Zimbabwe. Kompyuta ikakufunsani mumasankha iti? Pezani trig pillar (chipilala cha masaveya) imodzi imene ili pamapu, mukaimepo ndi GPS, muone kusiyana kwake. Mukapanda kutero zonse mukukambazi nzongotaya nthawi.

Nachisale:
Madala, tamva. Koma trig pillar sikauza munthu kuti mudzi unasamuka.

KabweBoy:
Ndikuwerenga kuchokera kuno ku Zambia. Langizo langa, musathamangire kuwerenga maenje nkuiwala milu. Kuno ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma chimene chikudwalitsa ana mpaka lero si dzenje, ndi fumbi la mtovu lochoka pa milu kupita m'makomboni ngati Kasanda, Makululu ndi Chowa. Pointi imodzi pamapu siinena kanthu. Jambulani polygon (malire onse) ya mulu, lembani komwe mphepo imalowera, mtunda wofika pa nyumba yoyamba, pa mjigo, pa sukulu. Chinanso, mulu umene mukuuyesa zinyalala wina akuuona ngati ndalama. Black Mountain ya ku Kitwe ndi slag yakale, zotsalira posungunula miyala, koma anthu amakumbamo, ndipo mu June 2018 inagumuka nkupha anthu osachepera 10. Ikani column yonena ngati pali anthu akukumbanso.

Mapu36S:
Ma column akuchuluka abale, Lachisanu ndi mawa lino. Nanga data ya kauniuni, kafukufuku wa miyala wa pandege uja, singathandize? Radiometric, yoyeza cheza chochokera m'miyala, mwina ingaonetse milu.

Nachisale:
Kauniuni anapangira kufufuza miyala m'dziko lonse, ndege imadutsa m'mizere yotalikirana. Dzenje la mamita 5 silingaoneke. Bola Google Earth, mubwerere m'zithunzi za zaka zam'mbuyo, muone pomwe dothi linayera kenako nkumera tchire. Koma pansi pa mitengo simuona kanthu.

NyaMzimba:
Inu a m'maofesi mumandiseketsa. Kwathu kuno dzenje silisiyidwa. Mvula ikayamba anthu amapita kumunda, akakolola amabwerera ndi mapiki. Wina akangotola mwala wabwino, maenje onse amene anagona zaka khumi amadzuka sabata yomweyo. Status yanu ikhale ndi deti, apo ayi ndi bodza.

Ndipo samalani ndi kufalitsa makodineti. Mapu olembedwa kuti pano panali golide akangolowa pa WhatsApp mwaitana anthu, taonani mmene anthu anakhamukira kukakumba golide ku Makanjira. Ine ndinapitapo ndi alendo ena kumudzi wina osadzera kwa amfumu, GPS m'manja. Anthu anatizungulira akuti tabwera kudzawalanda malo, tinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka tikufotokoza. Tsiku lotsatira amfumu omwewo anatipatsa mkulu wina amene anakumbako ali mnyamata, anatisonyeza maenje amene sali mu lipoti lililonse, kuphatikizapo lina lomwe munagwera ng'ombe. Dzerani kwa agulupu, ndipo wokulondolerani mumpatse kangachepe.

WaMalasha:
Maenje a kwale ndi aja amasiya okonza misewu mukuwawerenga? Ana amamira m'menemo. Nanga Changalume ku Zomba, poti ndi miyala ya simenti, ilowa mukafika kumwera?

Mapu36S:
TOR, chikalata chofotokoza ntchito yathu, ikungoti migodi ndi zotsalira za migodi. Ndifunsa abwana.

SaveyaWakale:
Funsani, koma muyambe mwayang'ana pansi pa sheet ya mapu, datum inalembedwa pamenepo. Kale tinkayenda ndi theodolite, makina oyezera malo, pamsana ndipo pointi sinkagwera mumtsinje. Mundiuze kusiyana kwa northing pa trig pillar, ine ndikuuzani vuto.

KabweBoy:
Pali amene ali ndi handheld XRF, kachipangizo koyezera zitsulo m'dothi, kumeneko? Kuno yathu batire inafa, tikufuna kudziwa komwe ena amagula.

NyaMzimba:
XRF ya chiyani, ife ngakhale ma buffer, madzi ochunira pH meter, anatha chaka chatha.