Kodi ntchito yongodzipereka ndi kudzionetsa pa intaneti zingandithandize kupeza ntchito?

Funso lochokera kwa Wa ku Mitundu

Ndikupempha malangizo kwa inu akuluakulu amene mwakhala nthawi yaitali pantchito, makamaka amene mumakhala nawo m'magulu osankha anthu oti alembedwe ntchito. Ndinamaliza digiri ya zaulimi ku LUANAR, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikutumiza makalata ofunsira ntchito kulikonse kumene ndaona chilengezo, m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times komanso m'magulu a WhatsApp, koma pafupifupi chilengezo chilichonse chimafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Panopa bungwe lina laling'ono lomwe limagwira ntchito ndi makalabu a alimi a soya ndi mtedza kwathu kuno landilola kuti ndizikathandiza, koma landiuziratu kuti malipiro palibe, ndipo ngakhale ndalama yoyendera ndizidzipezera ndekha. Makolo anga akuona kuti kumeneko n'kutaya nthawi, chifukwa kwa iwo munthu amene amalawira m'mawa atavala bwino ayenera kubwera ndi kanthu mwezi ukatha. Mnzanga wina akundilimbikitsanso kuti ndilowe pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la nkhani za ntchito, ndi kumalemba za ine mwini, koma zimenezi zikundivuta mumtima, popeza tinaleredwa kuti kudzitama si khalidwe. Kodi olemba anthu ntchito amaiwerengera ntchito yongodzipereka? Nanga munthu amene sanalembedwepo ntchito angalembe chiyani pa intaneti chomwe sichingaoneke ngati matama?

Yankho la Mayi wa ku Area 47

Achimwene, ine ndimagwira ntchito yoona za antchito m'bungwe lina muno mu Lilongwe, ndipo makalata ngati anuwo amadutsa m'manja mwanga kawirikawiri. Ntchito yongodzipereka timaiwerengera, koma timawerengera yokhayo yomwe ili ndi umboni. Munthu akangolemba pa CV kuti anali wodzipereka ku bungwe lakutilakuti, osanena chimene ankachita, mzere umenewo timaudumpha. Koma akalemba kuti ankaphunzitsa makalabu angati kasungidwe ka mtedza kuti usagwidwe ndi chuku, kuti ankalemba kaundula wa zokolola, ndiponso kuti lipoti lake linkapita kwa ndani, pamenepo timakhala ndi zoti timufunse pa intavyu, ndipo timakhalanso ndi munthu woti timuimbire foni kuti atitsimikizire.

Choncho musanayambe, pemphani kuti akulembereni kalata, ngakhale ya tsamba limodzi, yonena udindo wanu, amene azikuyang'anirani, masiku amene muzibwera pa sabata ndi mwezi umene mgwirizanowo udzathe. Muvomerezanenso tsopano lino kuti pomaliza adzakupatsani kalata ya umboni yokhala ndi chidindo cha bungwe. Bungwe lomwe likukana kulemba zinthu zochepa ngati zimenezi silidzakuchitirani umboni mawa. Ndi bwinonso kufufuza ngati linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, yomwe kale inkatchedwa NGO Board, chifukwa kalata yochokera ku bungwe losadziwika m'kaundula imakhala yopepuka pamaso pathu.

Pa nkhani ya matama, ndikumvetsa kumene mukuchokera, koma ndikuona kuti mukusakaniza zinthu ziwiri. Inu mwaphunzira zaulimi, ndipo mukudziwa chifukwa chimene alangizi amaika munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu: mwini munda safuula kuti ndi katswiri, odutsa amangoona okha mizere ndi mbewu. Tsamba lanu la LinkedIn likhale chimodzimodzi. Musadzitche mtsogoleri wamasomphenya kapena katswiri wa zinthu khumi. Lembani zimene mwachita, zimene mwaona kumunda ndi zimene mwaphunzirapo. Ikani chithunzi chooneka bwino nkhope, dzina lanu lenileni monga lilili pa satifiketi, ndipo pansi pa dzinalo mulembe ntchito imene mumaidziwa, osati mawu akuti mukusaka ntchito ina iliyonse. Ndikuuzeninso mosabisa kuti ena mwa ife timayang'ana dzina la munthu pa Facebook tisanamuitane, ndipo kutukwanizana pa nkhani za ndale kapena za mitundu kwagwetsapo anthu amene mapepala awo anali abwino kwambiri.

Yankho la Mtsikana wa ku Chilobwe

Ndikufuna kuchitira umboni zimene amayi anenazi ndi zomwe ndinaona ndekha. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, madzi ndi matope ochokera m'phiri la Soche anagumula nyumba zambiri kwathu, ndipo anthu anasonkhanitsidwa m'sukulu ndi m'matchalitchi. Ine ndinali pakhomo ndi dipuloma yanga, ndipo ndinapita kukathandiza pa msasa wina chifukwa panali abale ndi anansi, osati chifukwa ndinkaganiza za ntchito. Poyamba tinkalemba mayina a mabanja m'kope: mutu wa banja, chiwerengero cha ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala. Vuto linali lakuti banja limodzi linkatha kulembedwa kawiri, m'mawa ndi dzina la bambo, madzulo ndi dzina la mayi, ndipo pogawa ufa ndi zofunda mkangano unkabuka pomwepo. Kenaka ogwira ntchito a bungwe lina anatiphunzitsa kulemba zonsezi pa foni pogwiritsa ntchito pulogalamu ya KoboCollect, yomwe imasunga mafomu ngakhale pamalo popanda netiweki n'kudzawatumiza pambuyo pake.

Luso limeneli ndi lomwe linadzandipatsa ntchito yoyamba yolipidwa, yotolera mayankho pa kafukufuku wa m'midzi. Amene anandiitana sanaone kalata yanga iliyonse yofunsira ntchito. Anali mmodzi mwa amene ankatiyang'anira pamsasa paja, ndipo anakumbukira kuti mndandanda wanga sunkabwezedwa kuti ndikaukonze. Ichi ndi chifukwa chake ndikukulangizani, achimwene, kuti mukapita kwa alimiwo mukafunefune luso lenileni loti mutulukeko nalo, monga kutolera ndi kusanthula manambala pa pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, kulemba lipoti la mwezi, kapena kuyendetsa msonkhano wa alimi mpaka mfundo zimangidwe. Mukaona kuti ntchito yanu ndi kusanja mipando ndi kugawa zakumwa pa misonkhano basi, pemphani mwaulemu kuti akupatseni gawo lanulanu lomwe mungamayankhepo.

Yankho la Bambo wopuma pantchito wa ku Zomba

Mwana wanga, anzangawa alankhula bwino, koma ine ndikufuna kuima pang'ono kumbali ya makolo ako, chifukwa nkhawa yawo ili ndi maziko. Ndaona achinyamata akugwira ntchito yofanana ndendende ndi ya anthu olipidwa, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chaka n'kutha china n'kulowa, akungolonjezedwa kuti thandizo la ndalama likabwera adzakhala oyamba kuganiziridwa. Pamene ndalamazo zafika, mpando umalengezedwa m'nyuzipepala ndipo amalembedwa wina. Kudzipereka kotereku kumadya ndalama ya minibasi yomwe mayi ako aipeza movutikira, ndipo kumadyanso nthawi imene ukanalemba makalata ena kapena kuchita kabizinesi. Uike malire kuyambira pachiyambi: masiku awiri kapena atatu pa sabata, kwa miyezi yowerengeka, ndipo ulendo uliwonse wa kumunda umene bungwe lakutuma liziulipira lokha, popeza kusalandira malipiro n'kosiyana ndi kulipirira ntchito ya eni ake kuchokera m'thumba mwako.

Usaiwalenso kuti ntchito yodzipereka siili m'maofesi okha. Pafupi ndi kwanu pali magulu a banki m'khonde omwe mabuku awo ndi osokonekera, pali makopaletivi omwe amagulitsa soya kwa mavenda osadziwa kuti awononga ndalama zingati pa kilogalamu iliyonse, ndipo pali komiti ya chitukuko ya m'mudzi yomwe imasowa woilembera pempho la thandizo. Kumeneko ukhoza kupita wapansi kapena panjinga, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'deralo kapena wapampando wa kopaletivi akhoza kukulembera umboni. Ngati uli ndi kompyuta, bungwe la United Nations Volunteers limalengezanso ntchito zodzipereka zogwirira pa intaneti, ngakhale uyenera kuwerengera mtengo wa bandulo. Uziyang'aniranso zilengezo za Unduna wa Zantchito zokhudza pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi kukaphunzira ntchito, chifukwa kumeneko kumakhala kandalama kapamwezi.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: ukangoonetsa pa intaneti kuti ukufuna ntchito, akathyali nawonso amakuona. Adzakutumizira uthenga wokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, n'kukuuza kuti utumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya fomu, ya yunifomu kapena ya kuyezetsa kuchipatala. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amulembe, ndipo chithunzi cha chiphaso chako cha unzika usachitumize kwa munthu amene sunatsimikize ofesi yake.

Wa ku Mitundu akuyankha

Zikomo kwambiri amayi, achemwali ndi bambo. Ndikapempha kalata ija sabata ino, ndipo ndikawauza kuti ndizibwera masiku atatu okha. Chatsala n'chimodzi: ndikayamba kuyenda m'makalabu, kodi ndi zololedwa kujambula alimiwo ndi kuika zithunzi zawo pa tsamba langa ngati umboni wa ntchito?

Mayi wa ku Area 47 akuyankhanso

Muyambe mwafunsa okuyang'anirani, chifukwa mabungwe ambiri ali ndi malamulo awo pa zithunzi, ndipo zimene mwatolera m'dzina la bungwe si zanu kuti muzifalitse. Akakulolani, mupemphenso alimiwo mmodzimmodzi, muwauze momveka kuti chithunzicho chikaonedwa ndi anthu akutali, ndipo amene wakana musamukakamize. Ana musawajambule nkhope, komanso musaike mayina, manambala a foni kapena ngongole za anthu. Nthawi zambiri chithunzi cha mtedza uli pa thandala loyanikira, kapena cha sikelo pa tsiku logulitsa, pamodzi ndi ndime imodzi yofotokoza vuto lomwe kalabuyo inali nalo ndi mmene munalithetsera limodzi, chimatiuza zambiri kuposa chithunzi cha inu mutaima pakati pa gulu. Muzilemba m'Chingerezi pa LinkedIn popeza ndiko kumene olemba ntchito amawerenga, koma nkhani yomweyo muifotokozenso m'Chichewa m'gulu la WhatsApp la kalabuyo, kuti eni ake adziwe zimene mwanena za iwo ndipo akukonzeni ngati mwaphonya nambala.