Ndani waphunzirako Gestalt kuno ku UK? Ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine namwino wa odwala matenda a maganizo, ndipo ndakhala kuno ku England zaka zingapo. Mtima wanga wakhazikika pa Gestalt, njira ya uphungu yomwe anayambitsa Fritz ndi Laura Perls, omwe anakhalakonso ku Johannesburg asanapite ku America. Chinandikoka ndi mpando wopanda munthu uja: wodwala amalankhula nawo ngati pakhala mayi ake kapena malemu amene sanatsanzikane naye bwino. Zimandikumbutsa momwe kwathu timalankhulira ndi otisiya pamanda.

Ndaona kuti Metanoia Institute ku London ili ndi digiri ya masters ya Gestalt. Koma kuti UKCP (bungwe la akatswiri a uphungu wa zamaganizo kuno ku UK) ikulembe m'kaundula, pamafunika zaka zosachepera 4, maola 450 othandiza anthu moyang'aniridwa, komanso iwe mwini kumakalandira uphungu kwa mlangizi wako, ndalama zotuluka m'thumba mwako.

Funso langa lagona apa: munakwanitsa bwanji pamodzi ndi mashifiti a usiku? Nanga digiri yanga ya unamwino ya ku Malawi angaivomere polowera? Ndipo maola aja munawapezera kuti?

Zikomo kwambiri.