Kodi mawu oti chishalo anachokera kuti?

Akuluakulu tandithandizeni, kafunso aka kandisowetsa mtendere kuyambira dzulo.

Ndinapita ndi njinga yanga yamoto kwa mnyamata wina amakonza pamsika paja, chikopa cha pokhalira chinang'ambika ndiye mvula ikagwa siponji imamwa madzi, ukangokhalapo thalauza yonse kunyowa anthu nkumakuyang'ana ngati wadzikodzera. Ndiye ndamuuza kuti aise tandisokere chishalochi, iye kundiyang'ana kenako kuseka, akuti bigi mukunena siti? Akuti chishalo ndi cha njinga yakapalasa ya agogo, pa yamoto timati siti. Zinandinyansa pang'ono koma pobwerera ndinayamba kuganiza.

Mayina ambiri a zitsulo za njinga savuta, ndi chingerezi chomwe tinangochipinda lilime basi, handulo, buleki, tcheni, kilatchi, pulagi, madigadi, masipoko, kaliyala. Mthuthuthu nawo aliyense akudziwa kuti ndi kulira kwa injini. Koma chishalo? Chingerezi ayi sichikumveka, ndipo ngati ndi Chichewa chenicheni mneni wake ndi uti, kushala? Amene muli ndi agogo pafupi tawafunseniko.

*

Achimwene mawu amenewo ndi a kumwera. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, Azulu mpando amati isihlalo, kuchokera ku hlala kutanthauza kukhala. Ndiye chishalo ndi chokhalira basi palibe chobisika. Hl uja ife satheka pakamwa pathu, timangomusandutsa sh, ndipo isi wawo amafanana ndi chi wathu. Onani isikhwama ife timati chikwama. Fosholo nayenso kuno amati ifosholo. Tsiku loyamba nditamva munthu akuti isihlalo ndinaseka ndekha mu taxi.

*

Ndikugwirizana nawo achimwenewa. Malemu agogo anga anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo pobwera anabwera ndi njinga ya Humber yakuda, chishalo chake chachikopa cholimba chamasipuling'i awiri kunsi, ankachipaka mafuta Loweruka lililonse ndipo mwana ukangochikhudza umalandira khofi. Kumigodi ankalankhula Chilapalapa chomwe mawu ake ambiri ndi achizulu, ndiye njinga ndi dzina la pokhalira pake zinabwera ulendo umodzi. Ngakhale mawu oti mtchona ndi a komweko. Wenela anaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha anthu athu obwerera kumudzi, koma pofika nthawi imeneyo mawuwa anali atakhazikika kalekale.

*

Inu mukungothamangira ku migodi bwanji, mwaiwala Angoni? Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, migodi ya golide ya ku Joni inayamba 1886. Migodiyo isanayambe anthu olankhula chingoni anali kale kuno, a Maseko ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndiye mukuganiza kuti analibe mawu a chinthu chokhalira? Ine ndikuti mawuwa anabwera wapansi osati pa ndege ya Wenela.

*

Amalume pepani koma pamenepo ndikana. Chikhala kuti anabwera ndi Angoni bwenzi ku Ntcheu mpando wa m'nyumba ukutchedwanso chishalo, koma ine kwathu ndi ku Ntcheu konko, chishalo timangonena cha njinga kapena cha pa bulu ndi hatchi, mlendo akabwera palibe amati mpatseni chishalo. Zikuonetsa kuti dzinalo linabwera litamatirira kale pa katundu wake.

*

Mukulimbana ndi chishalo pomwe njinga yeniyeniyo simunaifunse kkkk. Agogo anga aakazi ankati njinga poyamba kanali kaja kozungulira kopotera thonje ndi kukulungira ulusi, makolo ataona chitsulo chamagudumu awiri chikuzungulira anangochipatsa dzina lomwelo. Ndipo ku Mozambique anatengera, ngakhale polankhula Chipwitikizi ena amati ginga. Gudumu nalo Aswahili amati gurudumu.

*

Zikomo nonse, ine mwini funso ndabweranso. Za isihlalo zandigwira mtima, ndipo pa mkangano wa Angoni ndi Wenela ndaima ndi achemwali a ku Ntcheu, mfundo ya mpando wa m'nyumba ija yandikhutitsa, amalume musandikwiyire. Mwina anyamata akabaza akuti siti chifukwa pa njinga yamoto ngati Lifo pokhalira pake ndi patali pokwana anthu awiri atatu ngati mpando wa minibasi, pomwe chishalo m'mutu mwawo ndi kaja kosongoka ka munthu m'modzi.

Njinga ndakatenga masana ano, wasoka bwino ndithu mnyamata uja. Ndamuuza kuti chishalo ndi chizulu, iye akuti chabwino bigi koma mtengo wa siti sunasinthe.