Bridge ya gitala yanyamuka, timate ndi guluu uti?

Wophunzira ntchito:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Andibweretsera gitala ya nsambo zachitsulo, bridge yake (kathabwa kogwira nsambo pathupi pa gitala) yanyamuka chakumbuyo moti pepala likulowa pansi pake. Mwiniwake akuti inamatidwapo kale kwina koma sinakhalitse. Ndikasuzumira ndikuona guluu woyera wa matabwa uja, ndipo ndi wofewa. Ndili ndi epoxy (guluu wochita kusakaniza mankhwala awiri), supaguluu ndi guluu wa matabwa wotchedwa Titebond II. Mtima uli pa epoxy kuti nkhani ithere pomwepo, koma gitalayi ndi yabwino, thabwa lapamwamba ndi la mtengo wofewa wa spruce, ndiye ndikuopa kuiwononga.

Wokonza magitala:
Achimwene, epoxy ameneyo mubwezereni pomwe anali. Bridge imadzafunika kuchotsedwanso tsiku lina, kaya yang'ambika kaya mabowo a mapini ogwira nsambo akula. Mukamata ndi epoxy, wodzaichotsayo adzazula ndi thabwa lomwe.

Chomwe chagwetsa ntchito yoyambayo n'chodziwika. Nsambo zachitsulo zimakoka makilogalamu pafupifupi 70 usana ndi usiku, pomwe guluu woyera sauma n'kufika poti gwa. Kukatentha amafewa, bridge n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka kutukuka. Titebond II ndi III anawapangira matabwa okumana ndi madzi, ndipo kuwachotsa n'kovuta. Ngati mukufuna wa m'botolo, pezani Titebond Original. Supaguluu musungireni ming'alu ya pa fingerboard (thabwa lodinapo nsambo ndi zala) ya mtengo wolimba wa ebony. Pa spruce amalowerera m'thabwa n'kusiya banga losachoka.

Mayi wokonza mavayolini:
Zoona zimenezo, koma gitala yabwino ine ndingaimate ndi guluu wa chikopa, wopangidwa kuchokera ku zikopa za nyama, wotenthetsa uja. Akauma amalimba ngati galasi, sasuntha ngakhale nsambo zikoke bwanji, komabe mukamupatsa kutentha ndi chinyezi amamasuka osavulaza thabwa. N'chifukwa chake mavayolini a zaka zoposa 300 akutsegulidwabe ndi kutsekedwanso mpaka lero. Ifetu thabwa lapamwamba la vayolini timalimata dala ndi guluu wosungunula kwambiri, kuti nyengo ikauma msoko ndiwo utseguke, thabwa lisang'ambike. Pa bridge ayi, pamafunika wamphamvu zake zonse.

Kakonzedwe kake: nyikani timibulu take m'madzi ozizira mpaka titafufuma, kenako ikani kabotolo kake m'madzi otentha madigiri 60 a Celsius. Asawire, akawira mphamvu imatha. Guluuyu ali ndi manambala osonyeza mphamvu yake: wa 192 ndi amene ambiri amagwiritsa ntchito, wa 251 ndi wa 315 amagwirana msanga. Chovuta n'chimodzi, akangoyamba kuzizira amaundana, ndiye muli ndi mphindi imodzi yokha yoti mupake ndi kupana. Fundizani bridge ndi thabwalo musanapake, ndipo yesererani kuika zopanira popanda guluu mpaka manja atazolowera.

Mkulu wa pabenchi:
Mwana wanga, onse akuuza zoona, koma guluu ndi nkhani yachiwiri. Usathire chilichonse pampata umenewo n'kupana, chifukwa guluu watsopano sagwira pa guluu woyera wakale. Bridge ichoke yonse. Itenthetse pang'onopang'ono utaphimba vanishi wozungulira, kenako lowetsa kampeni kopyapyala motsata mmene ulusi wa thabwa wagonera. Pala mbali zonse ziwiri mpaka thabwa lenileni lioneke. Uyang'anenso ngati vanishi sanalowe pansi pa bridge m'mphepetemo, magitala ambiri amanyamukira pamenepo poti guluu wa matabwa sagwira pa vanishi. Ukaika bridge popanda guluu ikhale yogona ndithu, osagwedera, osaonetsa kuwala. Ngati ndi ya rosewood, uipale nthawi yomweyo yomata, mtengo umenewu uli ndi mafuta.

Upisenso dzanja m'kati ndi kagalasi, uone ngati timitanda ta pansi pa thabwa sitinamatuke. Tikamatuka thabwa limatupa kumbuyo kwa bridge, ndipo palibe guluu angagwire pamenepo.

Wokonza magitala:
Amayi, wa chikopa ndimamulemekeza, koma mphindi imodzi kwa munthu amene sanamugwirepo ndi yochepa. Akachedwa pang'ono amata guluu woundana kale, bridge idzanyamukanso. Titebond Original amakupatsa mphindi zingapo, ndipo naye amamasuka ndi kutentha.

Mayi wokonza mavayolini:
Apo sindikutsutsa. Ayambe wayeserera pa zidutswa, akaona kuti sakukwanitsa atenge Original. Wa chikopa wa m'botolo, wosafuna kutenthetsa, amuonetsetse deti, akakhalitsa sauma bwino. Guluu wa nsomba amapereka nthawi yambiri koma amafooka kumalo achinyezi.

Wophunzira ntchito:
Zikomo kwambiri nonse. Bridge yachoka, timitanda tili bwino, vanishi ndamupezadi pansi pake. Koma tizidutswa ta spruce tatsalira ku bridge. Ndipale?

Mkulu wa pabenchi:
Ayi, usatitaye. Tichotse mosamala ndi kampeni, utibwezere m'malo mwake pathabwa ndi guluu yemweyo, tikauma usalaze. Pomata, ika kathabwa kotchinjiriza m'kati kuti zopanira zisadinde gitala, pukuta guluu wotuluka m'mbali asanaume, ndipo padutse maola 24 usanamange nsambo.