Zoikamo ndodo za mbedza zija ndamanga, madzi sakudikhanso

Mwezi watha ndinafunsa za zoikamo ndodo za mbedza zomwe ndinkafuna kumanga m'mbali mwa boti langa la fibre ku Senga Bay. Nkhawa yanga inali madzi a mvula ndi mafunde, kuti azilowera pabowo la zoikamozo n'kukadikha m'mimba mwa boti. Zikomo nonse amene munayankha, ntchito ija yatheka.

Ndinagula ziwiri za stainless, zopendekera madigiri 30, zotseka kunsi koma zokhala ndi kamlomo kolumikizapo payipi yotulutsa madzi. Poyamba ndinkafuna zotsegula kunsi, zotchipa zija, koma achimwene ena anandichenjeza kuti mkati mwa mbali ya boti mumakhala plywood, ndipo ikanyowa imawola mwakachetechete. Ananenadi zoona. Nditabowola, thabwa linaonekera pakati pa fibre. Ndinapaka epoxy (guluu wolimba wosalowa madzi) m'mphepete monse mwa bowolo, ndinadikira tsiku lathunthu kuti iume, kenako ndinapaka Sikaflex (phala lomatira mipata kuti madzi asalowe) ndisanamange mabawuti. Kunsi ndinaikako kachitsulo kophwatalala kuti kampango wamkulu akakoka, mabawuti asang'ambe fibre.

Payipi ndiyo inandipweteketsa mutu. Ndinaisiya yaitali, inapindika, madzi n'kumaima pokhota paja. Ndinaidula kuti itsetsereke molunjika mpaka pomwe timaponda, pafupi ndi bowo lotulutsira madzi kumbuyo.

Loweruka tinakawedza ncheni mwera ukuwomba. Mafunde anatinyowetsa ndithu, koma m'mimba mwa boti munali mouma gwa. Mchenga wokha ndiwo umatseka payipiyo, ndiye tikakocheza ndimathiramo madzi ndi botolo mpaka atuluke oyera.