Amalume aja ankasanza chilichonse, tsopano akudya

Mwezi watha ndinafunsa za amalume anga a ku Kamwendo, kuno ku Mchinji, amene ali ndi khansa ya m'mimba yofalikira kale ndipo ankasanza chilichonse, ngakhale phala. Ndinkafuna kudziwa ngati chilipo chowathandiza. Zikomo nonse munandilimbikitsa kuti tisangokhala nawo kunyumba.

Ku chipatala ku Lilongwe anawaunika ndi kachubu ka kamera kolowera pakamwa, n'kupeza kuti chotupa chatseka potulukira chakudya kuchoka m'chifu kupita m'matumbo. N'chifukwa chake nthawi zina ankasanza zakudya za dzulo lake.

Adokotala anatifotokozera njira ziwiri. Ina ndi stent, kachubu ka waya woluka kamene amakalowetsa kudzera pakamwa kuti katsegule pothinapo. Wodwala amayamba kudya msanga, koma chotupa chimatha kumera mkati mwake n'kutsekanso. Ina ndi opaleshoni yolumikiza chifu ndi matumbo aang'ono, chakudya n'kumalambalala chotupacho. Imeneyi imafuna thupi lamphamvu ndipo kuchira kumachedwa, koma imakhalitsa.

Amalume anasankha okha opaleshoni, ife tinangovomereza. Anayamba alandira madzi a m'diripu masiku angapo chifukwa anali atauma thupi kwambiri, kenako n'kuwachita opaleshoniyo.

Khansa ikadalipo, adokotala sanatibisire, ndipo ululu akuuchepetsa ndi morphine wakumwa. Koma dzulo anaitanitsa nsima yofewa ya therere, anadya mbamu zingapo, osabweza. Azakhali anatuluka panja kukalira.

Ndikanadziwa, tikanapita asanaonde chonchi. Sabata yamawa tikubwerera kukaonetsa bala.