Sewero la Della ndi Jim: oonera akungoseka

Mphunzitsi wa ku Dedza: Anzanga, thandizeni. Ana anga a Fomu 3 akukonza sewero la Khirisimasi kuchokera pa nkhani ya O. Henry ya mu 1905 ija, The Gift of the Magi, momwe Della amagulitsa tsitsi lake kuti agulire mwamuna wake Jim tcheni cha wotchi, Jim naye n'kugulitsa wotchiyo kuti agulire Della zipeso. Poyeserera, Jim akangotulutsa zipeso, oonera akugwa nacho chiseko, ati awiriwa ndi zitsiru. Chisoni palibe. Talakwitsa pati?

Wa ku Zomba: Kodi muli gawo loonetsa Jim akugulitsa wotchi?

Wa ku Dedza: Eya, anawo anawonjezera okha, ati anthu amve bwino.

Wa ku Zomba: Vuto ndi limenelo, aphunzitsi. Mlembi amayenda ndi Della yekha. Akuwerenga $1.87 yake, akulira, akupita kwa Madame Sofronie wogula tsitsi, tsitsi akumugula $20, tcheni akugula cha $21. Zoti wotchi inagulitsidwa timazimva kumapeto kwenikweni, Jim akunena yekha. Mukaulula msanga, oonera amangodikira kuti awiriwa agwe m'mbuna. Chotsani gawolo.

Wa ku Mchinji: Ine ndikuona china. Ana athuwa wotchi ya m'thumba saidziwa, ndiye tchenicho kwa iwo n'chopanda ntchito. Osangoika foni ndi chaja bwanji?

Wa ku Zomba: Ayi bambo, foni munthu amagula ina. Wotchiyo inali ya agogo ake, kenako ya bambo ake. Tsitsi limameranso, Della amanena yekha zimenezo. Kwa ine wotaya kwambiri ndi Jim, ngakhale ana amamvera chisoni Della.

Wa ku Mchinji: Ndamva mayi. Ndiye aionetse koyambirira. M'nkhanimo Jim amayang'ana nthawi mobisa chifukwa wotchi yagolideyo ili pa kachingwe kachikopa kakalekale. Achite zimenezo Della akumuona. Atchulenso zoti malipiro atsika kuchoka pa $30 kufika pa $20 pa sabata, lendi ili $8 pa sabata. Umphawi umveke mphatso zisanaoneke.

Wa ku Dedza: Nanga tsitsi? Makolo a mtsikanayo akana zometa.

Wa ku Mchinji: Wigi yaitali basi. Akalowa kwa Sofronie avule kuseri kwa katani, atuluke atavala chipewa.

Wa ku Zomba: Koma kuseka pang'ono musakuope, Jim yemweyo amamwetulira pomaliza. Chachikulu, asanatero aime kaye du, maso pa mutu wa Della, osayankhula. Ana amathamangitsa pamenepa.

Wa ku Dedza: Zikomo akuluakulu. Gawolo tichotsa mawa, wigi ndikabwereka ku saluni. Wotchi ya m'thumba ndiye sindikudziwa ndiipeza kuti.

Wa ku Mchinji: Chotsekera cha botolo la mafuta odzola, mukutire pepala lagolide. Wokhala kumbuyo kwa holo sangazindikire.